Tiwayendere Amene Khansa Inatilanda

Mvula ikatha, chimanga n'kulowa m'matumba, mabanja amayamba kuitanizana za ziliza. Wa ku Joni atumiza ya simenti, wa m'tauni agula mbuzi, akumudzi akonola mphale n'kuphika thobwa. Pa tsikulo anthu amadzaza kumanda, abusa amapemphera, nsalu imavundukulidwa, ndipo dzina la malemu limawerengedwa pamwala kuti ngakhale tiana tobadwa m'mbuyo tilimve. Mwambo umenewu ndi wabwino, ndilibe nawo mlandu. Koma inu amene m'bale wanu anapita ndi khansa, imani kaye pamandapo muwayang'ane anthu amene abwera. Nthenda imene inagoneka mayi anu pansi pa mwalawo sinaikidwe nawo limodzi. Ili pomwepo, m'thupi la mmodzi mwa azimayi amene akupakula nsima kuseri kwa nyumba, mwina pammero pa mdzukulu amene anakumba nawo mandawo, ndipo mwini wake sakudziwa.

N'chifukwa chake ndikukuitanirani ku chikumbutso china, chimene sichilanda malo a chiliza koma chimapitiriza pamene chiliza chalekezera. Valani nsapato, lembani dzina la malemu pamalaya, tulukani pamsewu, muyende ulendo wa ndawala wosonkhetsa ndalama zoti akatswiri afufuzire nthenda imene inakulandani m'bale wanuyo. Ulendo wa ndawala si wachilendo kwa ife. Tauyendapo pofuna malata a tchalitchi, pofuna madesiki a sukulu, pofuna galimoto ya mpingo. Miyendo yomweyo, dzuwa lomwelo, mbale yomweyo imene timatambasulira oyenda pagalimoto, zingathe kumenya nkhondo ndi khansa. Chimene chikusowa ndi munthu mmodzi m'banja woti aimirire n'kunena kuti, "Ine sindilola kuti imfa ya achemwali ingothera pa misozi."

Munthu wotero anapezeka ku America. Susan Komen, mayi wa ana awiri wa mumzinda wa Peoria m'chigawo cha Illinois, anamupeza ndi khansa ya m'mawere ali ndi zaka 33. Nthawi imeneyo, cha m'ma 1970, ngakhale ku America komweko nthendayi sinkatchulidwa poyera, ndipo azimayi ankadwala mwakachetechete ngati apalamula. Susan anavutika zaka zitatu, kulowa ndi kutuluka m'zipatala, mpaka anamwalira mu 1980 ali ndi zaka 36. Asanatsirizike anapempha mng'ono wake, Nancy Brinker, kuti achitepo kanthu kuti azimayi ena asadzazunzike monga anazunzikira iye. Nancy anavomera.

Ambirife talonjezapo zinthu pambali pa mphasa ya wodwala. Timalonjeza ndi mtima wonse, sitinama. Koma maliro akatha, abale akabalalika, fizi ikafunika, feteleza akakwera, lonjezo lija limayamba kupepuka mpaka limaiwalika. Nancy sanalilole kupepuka. Mu 1982 anayambitsa bungwe m'dzina la mkulu wakeyo mumzinda wa Dallas, ali ndi madola 200 okha ndi katoni ya nsapato yodzaza mayina a anthu oti akawagogodere. Chaka chotsatira anakonza mpikisano woyamba wa pamsewu, wotchedwa Race for the Cure, ndipo kunabwera anthu 800. Mu 1984 iye mwini anapezekanso ndi khansa yomweyo. Analandira thandizo, anachira, ndipo sanabwerere m'mbuyo. Maulendo amenewa anafalikira m'mizinda yambirimbiri, ena othamanga, ena oyenda, ena mpaka kuyenda makilomita pafupifupi 100 m'masiku atatu. Bungwe lija laika ndalama zoposa madola biliyoni imodzi pa kafukufuku. Kuyambira mu 1989, imfa za khansa ya m'mawere ku America zatsika ndi magawo oposa 40 pa 100 alionse. Si bungwe limodzi lachita zonsezo ayi. Pali madokotala, boma, masukulu aukachenjede ndi ena ambiri. Koma azimayi amene anadzaza misewu atanyamula mayina a amayi awo ndi azichemwali awo ndiwo anakakamiza dziko lonselo kuyamba kuilankhula nthendayi, ndipo nthenda ikayamba kulankhulidwa, ndalama zimayamba kuitsatira.

Ndikumva wina akuti, "Amenewo ndi anthu a ndalama. K2,000 yangayi ingagule chiyani? Kafukufuku ndi nkhani ya azungu." Khalani pansi mumve iyi, chifukwa ikukhudza ana a kwathu konkuno.

Mu 1957, dokotala wa maopaleshoni wochokera ku Ireland, Denis Burkitt, amene ankagwira ntchito pachipatala cha Mulago ku Kampala, anaona kamnyamata kotupa nsagwada mochititsa mantha. Sipanapite nthawi, anaonanso kena kotupa chimodzimodzi. Akanatha kungopukusa mutu n'kupitiriza ntchito zake. Iye anayamba kufunsa. Anasindikiza timapepala tokhala ndi zithunzi za ana amenewa n'kutumiza kuzipatala zambiri za mu Africa. Mu 1961, iye ndi anzake awiri, madokotala a mishoni, anakwera galimoto yakale ya Ford nayenda makilomita pafupifupi 16,000 m'masabata khumi, kuima pazipatala zoposa 50, kudutsa Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Mozambique mpaka ku South Africa. Paliponse funso lawo linali limodzi: kodi ana otupa chonchi mumawaona? Kuno kwathu anapeza kuti nthendayi inali yochuluka m'madera otsika ndi otentha, monga m'mphepete mwa nyanja, koma kumapiri kozizira inali yosowa. Mapu amene anajambula anadzafanana ndi mapu a kumene malungo ali ochuluka. Ulendo wonsewo unadya mapaundi mazana angapo chabe.

M'chaka chomwecho Burkitt anakakamba za ana amenewa pachipatala cha Middlesex ku London. Mwa omvera munali katswiri wina, Anthony Epstein, amene atangomva kuti nthendayi imatsata kutentha ndi mvula anaganiza kuti payenera kukhala kachirombo. Bungwe la British Empire Cancer Campaign, lomwe linkadalira zopereka za anthu wamba ndipo pambuyo pake linadzakhala mbali ya Cancer Research UK, linamuthandiza kupita ku Uganda. Anafufuza zaka pafupifupi zitatu osapeza kanthu. Mu 1964, iye pamodzi ndi Yvonne Barr ndi Bert Achong anakaona kachiromboko, koyamba kudziwika kuti kamayambitsa khansa mwa munthu. Uku Burkitt ndi anzake anali atapeza kuti mankhwala ena, monga cyclophosphamide, amaphwetsa chotupacho m'masiku ochepa.

Pitani pawodi ya ana odwala khansa pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Mwana amabwera nkhope itapotoka, mano akugwedera, diso likukankhidwira kunja, mayi wake atataya kale mtima. Patapita masabata, mwana yemweyo amapezeka akuthamangitsana ndi anzake pakhonde. Si onse amachira, ndipo amene amafika mochedwa ndi ambiri. Koma amene amachirawo amachira chifukwa wina anafunsa funso, wina n'kupereka ndalama yoti funsolo liyankhidwe. Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anatha zaka zambiri pawodi imeneyi akufufuza mlingo wa mankhwala umene mwana wa kuno, wofooka kale ndi njala ndi malungo, angathe kuupirira osafa ndi mankhwalawo. Ameneyo ndi kafukufuku, ndipo anachitikira ku Blantyre, osati ku London. Munthu amene anaponya kandalama kake m'chitini cha zopereka ku Britain zaka makumi asanu ndi limodzi zapitazo sanamuonepo mwana wa ku Nsanje kapena wa ku Nkhotakota, koma anamuthandiza. Ndiye ife, amene ana amenewa ndi athuathu, tizidziyesa ochepa?

Azakhali anga anapita ndi khansa ya khomo la chiberekero. Anali atasiya kale kusamba pamene magazi anayambanso kubwera, ndipo sanauze munthu. Zitenje zawo ankachapa usiku n'kuziyanika m'nyumba kuti wina asaone. Kenaka anasiya kupita kumvano. Pamaliro, iwo amene kale ankatsogolera nyimbo m'siwa, anayamba kukhala kutali, pamkeka wawokha, chifukwa cha fungo limene sopo sankalithetsa. Pamudzi anthu ankanong'onezana kuti alodzedwa, ndipo dzina la wowalodza linatchulidwa. Nkhuku zinapita kwa asing'anga. Pamene anakafika kuchipatala, dokotala anaitanira abale pambali nanena motsitsa mawu kuti kwachedwa. Mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, anakhala gadiyani, kugona pansi pambali pa bedi, kuphika phala pamafuwa kuseri kwa chipatala, mpaka tsiku limene anabwerera nawo kumudzi atanyamula botolo la morphine wamadzi m'chikwama. Inu amene munasamalirapo wodwala khansa mukudziwa zimene ndikusiya osanena. Mukudziwa kulira kwa usiku kwa munthu wamkulu amene kale simunamuonepo akugwetsa msozi.

Nkhani ya azakhaliwa si ya banja lathu lokha. Chaka chilichonse azimayi oposa 4,000 amapezeka ndi khansa imeneyi m'Malawi, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Ndi azimayi pafupifupi 8 tsiku lililonse, Lamulungu ndi Khirisimasi yomwe. Pa nthendayi dziko lathu lili m'gulu la mayiko ovutikitsitsa padziko lonse.

Koma onani chimene kafukufuku wachita. Katswiri wa ku Germany, Harald zur Hausen, anaumirira kwa zaka zambiri kuti khansa imeneyi imayamba ndi kachirombo ka HPV, anzake ambiri asakumukhulupirira. Mu 1983 ndi 1984 anapeza mitundu iwiri ya kachiromboka m'zotupa za odwala. Ku Australia, Ian Frazer ndi Jian Zhou anatsegula njira yopangira katemera, ndipo mu 2006 katemerayo anavomerezedwa. Kuno anayamba wayesedwa m'maboma a Zomba ndi Rumphi, kenaka mu Januwale 2019 anayamba kuperekedwa m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Ku England, kafukufuku amene anatuluka mu 2021 anapeza kuti mwa atsikana amene anabayidwa ali ndi zaka 12 kapena 13, khansa imeneyi inatsika ndi magawo 87 pa 100 alionse. Njira yoyezera azimayi ndi viniga, imene anamwino athu amagwiritsa ntchito m'zipatala zing'onozing'ono, inatsimikizidwa ndi kafukufuku, ndipo wina mwa kafukufuku ameneyo anachitikira ku Zimbabwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Pachipatala cha Nkhoma anaonetsa kuti mayi angathe kuyezedwa n'kuthandizidwa tsiku lomwelo, powotcha malo oyamba kuwonongekawo ndi kachipangizo kakang'ono kotentha, khansa isanayambe n'komwe. Nthenda imene inazunza azakhali anga ndi nthenda yoti ingathe kutheratu, adzukulu awo akadali moyo. Ndimalemba zimenezi mtima ukuwawa ndiponso ukusangalala, zonse nthawi imodzi.

Tsono pali mafunso ena amene palibe adzatifunsire ngati sitidzifunsira tokha. Tengani khansa ya pammero. Malawi ali pamwamba penipeni padziko lonse pa kuchuluka kwa khansa imeneyi, ndipo ikugwira abambo ndi amayi amene akadali ndi mphamvu zolima. Munthu amayamba kutsamwa ndi nsima. Amasinthira ku phala, phala nalo limakana. Kenaka madzi, kenaka malovu ake omwe. Amafa ndi njala chakudya chili m'nyumba, ana ake akudya mobisala poopa kumupweteka mtima. Akatswiri akukayikira zinthu zingapo: utsi wa nkhuni m'makhitchini mwathu, kumwa tiyi ndi phala zamoto kwambiri, kachasu, fodya, chuku cha m'chimanga chosungidwa chonyowa, kuchepa kwa michere ina m'nthaka yathu. Koma chimene chikuchititsa kuti ichuluke chonchi kuno, ndi chimene tingasinthe kuti ichepe, akadafufuzabe. Kumayiko olemera mtundu umenewu wa khansa si wochuluka ngati kuno, choncho sauthamangira. Adzauthamangire ndani, ngati si ana a anthu amene anafa nawo?

Akatswiri tili nawo. Ali ku Kamuzu University of Health Sciences, ali ku Queen Elizabeth, ali ku Kamuzu Central Hospital kumene kuli likulu la chithandizo cha khansa, ali ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Alipo achinyamata anzeru amene ali ndi mafunso abwino m'makope mwawo koma alibe ya mafuta okafikira kumidzi. Ndalama zambiri za kafukufuku wathu zimachokera kunja, ndipo mwini ndalama ndiye amasankha funso. Tsiku limene iye wasintha maganizo, monga tinaonera pamene thandizo lakunja linadulidwa mwadzidzidzi, ntchito imaima. Ndalama ya ulendo wathu wa ndawala singamange nyumba yaikulu yofufuzira, ndikudziwa. Koma ingalipire namwino woti atsatire ana amene anayamba mankhwala n'kusowa, kuti tidziwe ngati anachira kapena anafera kumudzi. Ingagule zipangizo zoyezera tizidutswa ta chotupa kuti wodwala asadikire miyezi. Ingathandize kulemba kaundula wa odwala khansa m'boma limodzi, chifukwa nthenda yosawerengedwa boma siliiikira bajeti. Ingamalizitse maphunziro a dokotala wachinyamata amene adzakhale Burkitt wa khansa ya pammero, wobadwira ku Ntcheu kapena ku Chipata.

Mnyamata wa ku Canada, Terry Fox, anadulidwa mwendo chifukwa cha khansa ya m'mafupa ali ndi zaka 18. Mu 1980 ananyamuka ndi mwendo woikirira kuti adutse dziko lake lonse wapansi, ndipo pempho lake linali laling'ono: dola imodzi kuchokera kwa munthu aliyense wa m'dzikolo, amene panthawiyo analipo pafupifupi 24 miliyoni. Anathamanga masiku 143, makilomita 5,373, kufikira khansa itafalikira m'mapapo n'kumuimitsa pafupi ndi Thunder Bay. Anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 22, koma asanamwalire madola 24 miliyoni aja anali atakwana. Amalawife tapitirira 20 miliyoni. Werengani nokha chimene chingachitike aliyense atapereka ndalama ya chitumbuwa chimodzi. Ulendo wa ndawala uli ngati dima: munda umene mwini wake akanaulima mwezi wathunthu, mudzi umaumaliza dzuwa lisanapendeke.

Wina afunsa kuti, nanga bwanji osangotumiza ndalamazo pafoni n'kukhala pansi? Kuvutikiranji ndi dzuwa? Chifukwa ndalama ya pafoni siioneka, pamene gulu la anthu pamsewu limaoneka. Khansa kwathu kuno imakula bwino m'chinsinsi. Pamaliro timangoti "anadwala nthawi yaitali," kapena "kunali kutupa," ndipo anthu amabwerera kwawo osaphunzirapo kanthu, ena akulozana zala za ufiti. Agogo angati anyozedwa, ena kuthamangitsidwa pamudzi, chifukwa cha chotupa chimene sanachiike? Tsiku limene banja lidzayende kuchokera kumudzi mpaka pa boma litanyamula nsalu yolembedwa kuti mayi athu anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero, mayi wina wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu adzawerenga, adzakumbukira magazi amene wakhala akubisa, ndipo Lolemba adzapita kukayezetsa. Ameneyo mwamupulumutsa ndalama zisanawerengedwe n'komwe.

Blandina Khondowe, amene anali Miss Malawi mu 2002, anazindikira zimenezi. Atapezeka ndi khansa ya m'mawere sanabisale. Anayambitsa Think Pink Malawi, natulutsa anthu m'misewu ya Lilongwe m'mwezi wa Okutobala, nalankhula mosaopa za kusowa kwa zipangizo zoyezera ndi zochizira m'dziko muno. Anamwalira mu 2020. Anatisonyeza kuti Amalawi amatuluka akaitanidwa ndi munthu amene nkhaniyo yamukhudza pamtima. Inuyo amene munaika m'bale wanu, nkhaniyi yakukhudzani pamtima. Muli ndi ulamuliro umene nduna ilibe: mukatchula dzina la malemu, anthu amatchera khutu.

Ndipo pali china chimene ulendowu umachitira woyendayo. Chisoni cha khansa chimabwera ndi mkwiyo ndi kudziimba mlandu. Bwanji sitinawatengere kuchipatala msanga? Bwanji sindinafunse pamene ndinaona akuwonda? Mafunso amenewa amadya munthu akakhala pansi yekha. Madzi akatayika saoleka, n'zoona, ndipo palibe ulendo umene ungadzutse wakufa. Koma thupi likatuluka thukuta chifukwa cha dzina la wokondedwa, phazi likatuluka matuza, ukayang'ana kumbali n'kuona munthu wosamudziwa atanyamulanso chithunzi cha mkazi wake, mkwiyo uja umapeza ntchito. Umaleka kukudya iwe n'kuyamba kukankha miyendo.

Tsono tiyambire pati? Yambirani pabanja. Kambiranani ndi mwini mbumba ndi akuluakulu, chifukwa dzina la malemu ndi la onse, ndipo kutchula nthenda yake poyera kumafuna chilolezo cha ana ake ndi amalume. Ena adzakana poyamba, poopa manyazi. Musawakalipire, afotokozereni za mayi wa tomato uja. Sankhani njira yokhala ndi tanthauzo: kuchokera pakhomo pamene malemu ankakhala mpaka kuchipatala kumene ankapita, njira yomwe iye anaiyenda akumva ululu. Ikhale makilomita asanu kapena makumi atatu, zilibe kanthu. Agogo ayende pang'ono n'kukwera njinga, ana ayende pakati, ndipo amene anadwalapo khansa n'kuchira ayende patsogolo kuti anthu aone ndi maso awo kuti nthendayi si chiweruzo cha imfa. Dziwitsani amfumu, ofesi ya bwanamkubwa ndi apolisi masiku akadalipo. Nyamukani m'bandakucha dzuwa lisanakwiye, tengani madzi okwanira, ndipo valani nsapato zozolowera phazi, osati zogula dzulo. Pemphani chipatala chapafupi kuti anamwino akakhale kumene ulendo ukathere, kuti mayi amene walimba mtima m'njira akayezedwe tsiku lomwelo.

Koma pa nkhani ya ndalama mverani bwino, chifukwa apa ndi pamene zinthu zambiri zabwino zafera m'dziko muno. Anthu atopa ndi kusonkha ndalama zimene zimathera m'matumba a osonkhetsa. Musanaponde msewu, pitani kumene mukufuna kuti ndalamazo zikagwire ntchito, kaya ndi kusukulu ya ukachenjede ya zaumoyo, kuwodi ya khansa kapena kubungwe lodziwika bwino, mukagwirizane nawo polemba kuti zidzalowa mu akaunti iti ndipo zidzagwira ntchito yanji. Asungichuma akhale awiri kapena atatu, mmodzi asakhale wa m'banjamo. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba isakhale ya munthu mmodzi wosayang'aniridwa. Aliyense wopereka alembedwe pafomu, ngakhale wapereka K200. Pomaliza ulendo, werengani ndalamazo pamaso pa onse, lengezani, ndipo lisiti yake ikaonetsedwe kutchalitchi, kumzikiti ndi pagulu la WhatsApp la banja. Ndalama yosonkhedwa m'dzina la wakufa ndi yopatulika. Woiba ndalama imeneyo waba kawiri: wabera odwala, wanyozanso manda. Mukachita mwachilungamo chaka choyamba, chaka chachiwiri anthu adzabwera okha osaitanidwa.

Inu abale a kunja, musati izi n'za akumudzi. Amene muli ku Britain mumawaona azimayi ovala zapinki a Race for Life, imene inayamba mu 1994 ku London. Lowani nawo, lembani dzina la mayi anu a ku Dedza pamsana panu, anzanu a kuntchito akufunseni kuti anali ndani. Amene muli ku Johannesburg, Cape Town kapena Durban, bungwe la CANSA limakonza Relay For Life, kumene magulu amasinthana kuyenda mozungulira bwalo pokumbukira awo. Ku Lusaka nakonso ulendo wotere umachitika. Ndipo pamene abale akumudzi akuyenda pa fumbi, inu yendani tsiku lomwelo kumene muliko, ndi kutumiza gawo lanu. Mumatumiza ya bokosi mkati mwa ola limodzi uthenga wa maliro ukafika. Tumizaninso yoti bokosi lina lichedwe kufunika.

Musadikire kuti mukhale ambiri. Nancy Brinker anayamba ndi katoni ya nsapato. Burkitt anayamba ndi galimoto yakale ndi anzake awiri. Mwina chaka choyamba mudzakhala anthu khumi ndi awiri, oyendetsa kabaza n'kumakusekani, mbale n'kubwerako ndi ndalama yochepa yoti n'kuchita nayo manyazi kuilengeza. Ilengezeni. Yendaninso chaka chamawa. Banja la kutsidya kwa mtsinje limene linaika bambo awo ndi khansa ya pammero lidzakuonani n'kubwera ndi dzina lawo. Kenaka mpingo, kenaka sukulu, kenaka boma lonse. Manda a khansa ali m'mudzi uliwonse, choncho oyenda nawo sadzasowa, akungodikira woyamba.

Woyambayo ndinu. Musanagone lero, imbirani mchimwene kapena mchemwali wanu, mumutchulire dzina la malemu, mumuuze kuti chaka chino tiwayendera. Lamulungu likubwerali itanani banja, tsegulani kalendala, sankhani tsiku ndi njira, ndipo musabalalike musanasankhe amene akapite kuchipatala kukafunsa kumene ndalamazo zikufunika kwambiri.